Kefasi Pansi pa Denga la Apongozi

Ana inu, pali mawu ena amene mumawamva kawirikawiri, pamaliro, paukwati, ngakhale pamsonkhano wa makolo kusukulu, ndipo mumangogwedeza mitu ngati mwamvetsa. Mukawafunsa onenawo kuti mawuwo anachokera kuti, muona akuyamba kukanda m'mutu. Ena adzakuuzani kuti ndi akale kuposa malata ndi simenti. Ine sindikangana nawo. Koma mukapita kwa Mphanda, mudzi wina wa m'boma la Dowa, n'kukawatchula mawuwo, anthu amaloza nyumba ya Kefasi, ndipo nkhani yake amaifotokoza motere.

Kefasi anali mnyamata wa chifuwa chotambalala ndi khosi ngati la ng'ombe yapangolo. Ntchito yake inali yotsitsa matumba a simenti ndi a feteleza m'malole pamsika wa Kanyerere. Sukulu anaisiyira panjira, munda analibe, mbuzi ngakhale imodzi analibe. Chuma chake chonse chinali msana wake, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Atakwatira Velina anasamukira kwa Mphanda, kwawo kwa mkaziyo, monga mwa mwambo wa chikamwini. Tsono mkamwini ndi munthu amene amayesedwa tsiku ndi tsiku popanda womuuza kuti mayeso ayamba. Apongozi ake, a Nankhoma, sankalankhula naye maso ndi maso. Akakumana panjira mayiwo ankapatukira m'mbali, ndipo mawu onse ankadzera mwa Velina. Choncho Kefasi sankadziwa ngati apongoziwo akukondwa naye kapena akungomupirira. Chimene ankachidziwa n'chakuti chaka chapitacho mwamuna wa mkulu wake wa Velina anapeza zovala zake zitamangidwa m'chitenje pakhonde. Kefasi anamuona ndi maso ake bamboyo ataima pasiteji ya minibasi, kamtolo kali m'khwapa. Anthu ankati anathamangitsidwa chifukwa sankagwira ntchito. Sanawonjezere kuti ankaledzeranso ndi kumenya mkazi, ndipo Kefasi sanafunse. Anangosunga mumtima chinthu chimodzi, chakuti pamudzi umenewu wopanda mphamvu sakhalitsa.

Kuseri kwa chigayo cha pa Kanyerere kunali chigafa chakale cha fodya chimene anyamata ankachitcha jimu. Musaganize za magalasi ndi makina onyezimira amene mumaona pa kanema ayi. Munali benchi ya matabwa, zitini za penti zothiridwa simenti n'kulumikizidwa ndi paipi, ndiponso zitsulo za magalimoto akufa. Pakona pankagona chitsulo cholemera kuposa zonse, ekiselo ya lole yokhala ndi chidebe cha simenti uku ndi uku. Anyamata anachipatsa dzina loti Chimphona.

Mwini malowo anali a Yotamu, bambo wa imvi amene ankayenda chowerama, dzanja limodzi lili m'chiuno. Iwo sankanyamulanso kanthu, koma maso awo sankaphonya. Wina akangowerama molakwika, kandodo kankamupeza m'matako.

"Pinda mawondo, iwe! Chifuwa kutsogolo, msana uwongoke! Chitsulo chiyandikire miyendo. Ndakuuzani kangati kuti chitsulo chimanyamulidwa ndi miyendo, msana umangoperekeza?"

Lamulo lawo lina linali lakuti Chimphona sachikhudza munthu popanda anzake awiri oima uku ndi uku, oti achilandire zikavuta. Kefasi zonsezi zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Kuntchito ankazula thumba la simenti pansi mmene wafunira, ndipo palibe chimene chinkamuchitikira. Mumtima ankati malamulowo anapangira anthu ofooka.

Chaka chimenecho a Nankhoma anakolola chimanga chambiri, moti nkhokwe yakale inachepa. Atsibweni ake a Velina, a Sandalamu, analuka nkhokwe yatsopano yaikulu, ndipo Kefasi anawathandiza kumanga denga lake. Inu obadwira m'tauni mwina simudziwa kuti denga la nkhokwe salimangira pamwamba. Amalimangira pansi, mapaso ndi nsungwi zake, n'kulifolera udzu pomwepo. Likatha, mwini nkhokwe amaphika thobwa n'kuitana amuna a m'mudzi. Iwo amalizungulira, amalowetsa mitu ndi mapewa, wina n'kuyambitsa nyimbo, denga n'kukwera. Akatero amakhala pamthunzi n'kumamwa thobwa lija, akusekana kuti uje anangogwira ndi chala chimodzi.

Lolemba chakumadzulo denga litatha, a Sandalamu, munthu wosatha nthabwala m'kamwa, anatsina mkono wa Kefasi.

"Akamwini, kodi minofu iyi ndi yogwirira ntchito kapena yojambulitsa? Ndikumva kuti kujimu kwanuko mumanyamula zitsulo n'kuzibwezera pomwe munazipeza. Ife kuno tikanyamula chinthu chimapita kwina."

Amayi amene ankatonola chimanga chapafupi anaseka chikhakhali. Kefasi anaona apongozi ake chapatali atabisa pakamwa ndi chitenje. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Velina," anapitiriza a Sandalamu, "uwauze amayi ako kuti Loweruka tikweza. Thobwa likwane amuna asanu ndi atatu."

"Asavutike ndi chimera, atsibweni," anatero Kefasi. "Kadenga aka ndikweza ndekha."

Kuseka kunalekeka. A Sandalamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nokha?"

"Ndekha. Ndilowa pansi, ndilisenza, ndikwera nalo pamulu wa njerwa uwo n'kuvundikira nkhokwe."

"Chabwino. Mwanena nokha, ife tamva."

Taonani kupusa kwake mnyamatayu. Iye ankayesa kuti akuwapeputsira ntchito apongozi, osadziwa kuti wokana thobwa wakana anthu. Mbiri inazungulira mudzi wonse kuti mkamwini wa a Nankhoma safuna manja a wina. Amuna anangoti, "Tiyeni tizipita kumadimba athu, mwini mphamvu alipo." A Nankhoma nawo chimera chawo anachibwezera m'thumba.

Mawa lake, ukali utazizira, Kefasi anazemba n'kupita yekha kukaliyesa dengalo. Anagwira m'mphepete n'kukoka. Linangogwedezeka pang'ono n'kukhalanso phee. Mapaso anali a mitengo yaiwisi, ndipo udzu anaufolera wochindikala kuti mvula isadzalowe. Apo ndi pamene mantha anayamba kumulowa. Kubweza mawu sakanatha, choncho anadziuza kuti akakhoza kunyamula Chimphona chowonjezera, denganso alitha.

Lachitatu masana, nthawi imene anyamata amakhala kuntchito ndipo a Yotamu amapita kukadya, Kefasi analowa m'chigafa muja yekha. Sanafune mboni, pakuti akanalephera mbiri ikanafika kwa Mphanda iye asanafike. Anakunkhunizira Chimphona pakati, n'kumangirirapo ndi mphira zitsulo zina ziwiri za galimoto. Sanayambe ndi zopepuka kuti thupi litenthe. Anaima patali pang'ono ndi chitsulocho, miyendo ili chiwongokere, n'kuwerama ngati munthu wotola mtedza. Anakoka mpweya, n'kuzula ndi mphamvu zake zonse kamodzi.

Chimphona chinadzuka mpaka m'mawondo. Kenaka m'chiuno mwake munamveka kuti thu, monga limachitira luzi louma likaduka.

Chitsulo chinagwa, iyenso anagwa. Ululu unamulasa kuchokera m'chiuno, kutsika mwendo wamanzere mpaka kuchidendene. Anafuna kukuwa koma mpweya unamuthera. Anagona chafufumimba pafumbi, akumva chigayo chikulira kuseri kwa khoma, ndipo anadziwa kuti ngakhale akuwe palibe amene angamve. Anayesa kudzuka, thupi linakana. Munthu amene ankasenza matumba awiri a simenti nthawi imodzi analephera kudzutsa mutu wake womwe.

Umo ndi mmene a Yotamu anamupezera. Sanakalipe. Anayang'ana zitsulo zomangirira zija, anayang'ana mnyamatayo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono pambali pake. Kusakalipa kwawoko kunamuopsa Kefasi kuposa ndodo.

"Gwedeza zala za kumapazi," anatero.

Zinagwedezeka.

"Ukumva dzanzi?"

"Pang'ono, akulu. Mwendo wamanzerewu."

"Tamvera, mphwanga. Ine sindinabadwe wopindika chonchi. Ndinkasenza mabelo a fodya, ndipo kunalibe wondiposa. Chimene wamva m'chiunomo nanenso ndinachimva ndili msinkhu wakowu. Ndinabisa, poopa kuti kapitawo alemba wina. Mawa lake ndinasenzanso belo. Miyezi isanu ndi iwiri ndinagona pamphasa, akunditembenuza ngati khanda, mkodzo ukutuluka ine osadziwa. Iwe upite kuchipatala lero lomwe. Milungu ikubwerayi usanyamule ngakhale ndowa ya madzi. Msana umachenjeza kamodzi kokha."

"Loweruka ndili ndi denga, akulu."

"Denga lanji?"

Kefasi anafotokoza zonse ali chigonere. A Yotamu anagwira pakamwa.

"Ukalowa pansi pa denga limenelo, akakutulutsa atakunyamula. Ndipita ndekha kwa Mphanda ndikawauze."

"Chonde, akulu, ndagwira mwendo wanu. Akadziwa kuti msana wanga watha andimangira zovala m'chitenje. Ndilowera kuti ine? Ndipatseni masiku awiri okha, ndikawauza ndekha."

A Yotamu anamukhulupirira, ndipo mpaka lero amadziimba mlandu chifukwa cha zimenezo.

Kuchipatala Kefasi sanapiteko. Anagula mapiritsi opha ululu paokala, anakwera kabaza, n'kutsikira kunja kwa mudzi kuti alowe akuyenda ngati munthu wabwinobwino. M'kati mwa malaya anadzimanga nsalu m'chiuno mpaka kupuma kunkavuta. Anauza Velina kuti malole sakubwera sabata ino, n'chifukwa chake akhala pakhomo.

Masiku amenewo anali owawa, ndipo choposa ululu chinali mantha. Akayetsemula ankaona mdima. Posamba kumaso sankatha kuweramira m'beseni. Dzanzi lija linayamba kukwera, kuchokera kuchidendene kufika m'bondo. Akakhala yekha kuseri kwa nyumba ankadzitsina mwendowo, ndipo tsiku lililonse malo osamva kutsina ankakula. Akatseka maso ankaona munthu ali pamphasa akutembenuzidwa ngati khanda, koma nkhope sinali ya a Yotamu. Inali yake. Akawatsegula, denga lija linali pomwepo pabwalo, likumudikira.

Lachisanu m'mawa Velina anamupeza atakhala pamphepete pa bedi, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili pansi.

"Amuna anga, kukuzizira chonchi inu thukuta lili kamukamu? Mwatani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Kuyambira Lachitatu mukukhala pampando ngati pali minga. Nsapato ili apoyo mukungoiyang'ana. Tatolani ndione."

Kefasi anaiyang'ana nsapatoyo. Inali pafupi, yoti mwana wokwawa akanaitola. Anatambasula dzanja, n'kulibweza. Basi anaulula zonse.

Velina misozi inalengeza. "Ndikawauze amayi. Chimera chilipo, thobwa likhoza kupsa lero lomwe. Anthu tiwapepesa, abwera."

"Ukawauza ndiye kuti wandithamangitsa wekha. Alamu ako anachoka bwanji pano?"

"Iwo aja nkhani yawo inali ina, inu..."

"Ndati ayi! Ndikweza kamodzi kokha, kenaka ndigona mwezi wonse ukafuna. Wodwala atagwira ntchito amamusunga. Wodwala asanagwire amamuseka, akatopa kuseka n'kumuonetsa njira."

Velina anamvera, amayi ake sanawauze. Anali mkazi watsopano pabanja, ndipo anali asanaphunzire kuti pali mawu ena a mwamuna oyenera kuwaphwanya tsiku lomwelo.

Loweruka kunacha ndi mphepo yozizira ya mwezi wa Juni. Amuna anali atalawirira kumadimba, kutali kudambo. Amayi ambiri anali kumjigo. Pabwalo panali a Sandalamu, Velina, ndi a Nankhoma amene anakhala chapatali pafupi ndi khitchini, akusankha nyemba m'lichero. Kefasi anameza mapiritsi anayi, anaika nkhata pamutu, n'kuyenda kupita kudenga kuja. Mwendo wamanzere unkabwera mochedwa, koma iye anauponda mwamphamvu kuti wina asaone.

A Sandalamu anatukula mbali imodzi pang'ono n'kutsamiritsa pamtondo. Kefasi anakwawa n'kulowa.

M'katimo munali mdima ndi fungo la udzu wouma. Ananyonyomala pakati, pamene mapaso onse amakumana, n'kuika mutu ndi mapewa. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Panali mawu amodzi okha oti anene, akuti ndalephera, ndipo anafika pamlomo penipeni. Akanawanena, nkhani ino bwenzi kulibe.

"Akamwini!" anaitana a Sandalamu kunjako. "Kodi mwagona m'menemo?"

Kefasi anawameza mawu aja, analuma mano, n'kudzuka.

Denga linadzuka naye. Tinene zoona, mphamvu anali nazo mnyamatayo. A Sandalamu anaomba m'manja kamodzi modabwa. Kefasi anaponda phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Poponda lachinayi, ndi mwendo wamanzere, sanamve nthaka. Zinali ngati waponda m'dzenje. Mwendo unapinda wokha, m'chiuno munang'ambika moto, ndipo denga lonse linatsika naye pansi n'kumuvundikira.

Fumbi linamudzaza m'kamwa. Phaso limodzi linathyoka n'kumupana chopingasa m'chiuno, moti ankapuma pang'onopang'ono ngati akuba mpweya. Anatuma mapazi kuti agwedezeke, koma sanamve kanthu. Anatumanso. Kuyambira m'chiuno kutsika kunali zii, ngati thupi lathera pomwepo.

"Mayo ine! Ndafa! Velina, miyendo yanga!"

Kunja Velina ankalira mokuwa. A Sandalamu, nthabwala zonse zitauma, anagwira mbali imodzi n'kutukula ndi mphamvu zawo zaukalamba. Denga linapendekeka, phaso lija n'kulowerera m'msana. Kefasi anakuwa kukuwa kumene agalu a m'mudzi anayankha.

"Achimwene, siyani!"

Anali mawu a a Nankhoma. Kefasi anali asanawamvepo akukweza mawu chikwatirire.

"Siyani ndati! Mukatukula mbali imodzi mumuthyola. Velina, kulira sikutukula denga. Thamangira kumjigo, aliyense umupeze abwere. Achimwene, inu kudambo, muzikuwa muli m'njira."

Mapazi anathamanga n'kuzimirira. Pabwalo panangoti zii. Kefasi anatsala yekha mumdima muja, akumva mphepo ikuwomba udzu pamwamba pake. Kuwala pang'ono kunkalowa pampata umene udzu unang'ambika, n'kugwera paphazi lake lamanzere. Nsapato inali itavuka. Anaona nyerere zikukwera chala chachikulu, kudutsa paphazi, kulowa m'buluku. Ankaziona ndi maso ake, koma osazimva. Pamenepo mantha anamugwira amene sanawamvepo chibadwire, ndipo analira ngati mwana, osasamalanso kuti wina akumva.

Kenaka udzu unagwedezeka pafupi ndi nkhope yake. Dzanja lokhakhala, lonunkhira utsi, linalowa n'kufufuza mpaka linapeza lake.

"Akamwini, ndine. Gwirani dzanja ili. Musagwedezeke, musayese kudzuka. Anthu akubwera."

Ana inu, mwina simungamvetse kukula kwa chinthu chimenechi. Mayi amene ankapatuka panjira kuti asakumane naye anali atagona chafufumimba pafumbi, atalowetsa mkono mpaka m'phewa, atagwira dzanja la mkamwini wawo.

"Amayi, sindikumva miyendo," anatero Kefasi.

"Ndamva. Muzipuma basi. Muzilankhula nane kuti ndidziwe kuti mulipo."

Kefasi sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji. Anangomva zidebe zikugwa pansi ndi mapazi ambiri akuzungulira. Anafika amayi asanu ndi awiri ochokera kumjigo, zitenje zili zonyowa, ndi amuna atatu a matope m'miyendo. A Nankhoma anasolola dzanja lawo n'kuwaimika mozungulira, wamtali moyang'anana ndi wamtali, wamfupi ndi wamfupi.

"Wina asatsogole, wina asatsalire. Molunjika kumwamba. Ndikati tiyeni, tonse. Tiyeni!"

Denga limene linathyola munthu wamphamvu kuposa onse pa Kanyerere linadzuka ngati lichero. Analisunthira pambali n'kulitula. Mwamuna wina anawerama kuti amukoke Kefasi m'khwapa, koma a Nankhoma anamumenya dzanja.

"Osamupinda! Zulani chitseko cha khitchini."

Anamusunthira pachitsekocho ali chiwongokere, anthu asanu ndi mmodzi atagwira, n'kumukweza m'ngolo. Ng'ombe anaziyendetsa pang'onopang'ono, koma bampu iliyonse ankaimva mpaka m'mano. Njira yonse anangoyang'ana kumwamba, akudzifunsa ngati adzapondanso msewu umenewo ndi mapazi ake.

Kuchipatala dokotala anamubaya ndi kasingano kuphazi lamanja, Kefasi anadzidzimuka. Anamubaya kulamanzere, iye anangoyang'ana. Masiku anayi anapita choncho. Tsiku lachisanu m'mawa chala chachikulu chinagwedezeka pang'ono, ndipo Velina anathamanga m'chipinda monse akuitana anamwino ngati wapenga.

"Fupa silinathyoke," anatero dokotala pambuyo pake. "Koma kanthu kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana kanachoka m'malo n'kupana mtsempha wa mwendo. Mukanabwera tsiku limene munavulala ndi zitsulo, bwenzi mutagona milungu ingapo n'kubwerera kuntchito. Tsopano kuyenda muyenda, koma za matumba muiwale."

Mawu amenewo anamulasa Kefasi kuposa phaso lija. Chuma chake chokhacho chinali chitapita.

Patatha milungu isanu anabwerera kwa Mphanda akuyendera ndodo. Anamuyalira mphasa pakhonde. Kuchokera pamenepo ankaiona nkhokwe yatsopano itavala denga lake, chimanga chili m'kati. Sanadye tsiku limenelo. Phazi lililonse lomveka kuseri kwa nyumba ankayesa ndi a Sandalamu akubwera ndi uthenga. Dzuwa litapendeka analephera kupirira, n'kuitana mkazi wake.

"Velina, ukawauze amayi kuti asavutike kundichotsa. Mwendo ukangolimba pang'ono ndipita ndekha kwathu. Sindingakhale pano n'kumadya za anthu ngati mwana."

Velina anadzuka. Anapita, ndipo posakhalitsa anabwera a Nankhoma eni ake. Sanaime patali, sanatume munthu. Anakhala pansi pamphepete pa khonde lomwelo n'kumuyang'ana m'maso.

"Ndamva uthenga wanu," anatero. "Kodi munkaganiza kuti mwana wanga ndinamupereka kwa msana? Ndikanafuna chokoka katundu ndikanabwereka ng'ombe. Amene anachoka pano uja anachoka chifukwa cha nkhonya zake, osati chifukwa cha khasu. Mukanafunsa bwenzi tinakuuzani."

Kefasi anazyolika.

"Chimene chinandiwawa ine si kugwa kwanu ayi. Kugwa aliyense amagwa. Chinandiwawa n'chakuti munakhala masiku atatu mukufa ndi ululu pakhomo panga, mukudya m'mbale zanga, osatiyesa anthu oti n'kukuthandizani. Mukuliona denga lija? Tinalikweza anthu khumi ndi awiri, ambiri mwa ife amayi, ndipo palibe amene anadandaula msana. Mutu umodzi susenza denga, mwana wanga. Simupita kulikonse."

Kefasi anabisa nkhope m'manja, mapewa aakulu aja akugwedezeka.

Sanapite kulikonse ndithu. Anaphunzira kukonza njinga, ntchito yogwira munthu ali chikhalire, ndipo alipo mpaka lero, akuyenda chokoka phazi lamanzere. Koma msana sunabwerere. Mwana wake woyamba atabadwa, munthu amene ankadzutsa Chimphona sanathe kumutola pamphasa. Ankayamba wakhala pansi, n'kutambasula manja, n'kudikira kuti wina amupatsire mwana wake yemwe.

Mawu a a Nankhoma aja Velina anawauza anzake kumjigo, a kumjigo anawafikitsa kumsika, ndipo a kwa Mphanda amati umo ndi mmene anafalikira mpaka kukhala mwambi: mutu umodzi susenza denga.

Tsono denga limene akunena akulu si la nkhokwe lokha. Matenda ndi denga. Maliro ndi denga. Vuto lililonse limene likukulemerani mumtima, loti mukulibisa poopa kusekedwa, ndi denga. Mwambiwu sukunyoza mphamvu, pakuti mwa anthu khumi ndi awiri aja aliyense anaikapo zake. Ukunena kuti pali katundu wina amene anapangidwira anthu ambiri, ndipo womusenza yekha, ngakhale akhale wamphamvu chotani, amathyoka. Ukunenanso kuti anthu amene mukuopa kuti akusekani kawirikawiri ndi omwewo amene angataye zidebe zawo kuti akuthamangireni. Inu amene mwayamba kupita kukanyamula zitsulo, pindani mawondo, wongolani msana, ndipo pakhale mnzanu pambali. Thupi likakuchenjezani, nenani tsiku lomwelo. Ndipo nonsenu, denga likakulemerani, itanani anthu lidakali pansi.